Keke Imene Inatsala Pang'ono Kupha Galu wa Apongozi

1

Ndiyambe ndi kuvomera. Ine Anastazia ndinatsala pang'ono kupha galu wa apongozi anga, Lamulungu masana dzuwa likuswa mtengo, pa tsiku lenileni limene tinkafuna kutchula deti la chinkhoswe. Musathamangire kundiweruza. Khalani pansi kaye mumve bwino, chifukwa pa nkhani imeneyi wabodza sindinali ndekha.

Kwathu ndi ku Mitundu, koma ndimagwira ntchito ku City Centre, pa desiki yolandirira anthu pa kampani ina ya inshuwalansi. Mpomwe ndinakumana ndi Mackford Gondwe. Anabwera kudzadandaula za galimoto yake, koma pochoka anachoka ndi nambala yanga ya foni. Ndi mnyamata wa ku Rumphi, amagwira ntchito ku unduna wina ku Capital Hill, ndipo akamaseka mapewa ndi amene amayamba. Patatha chaka anandiuza kuti nthawi yakwana yokaonekera kwa mayi ake ku Area 43.

"Amama alibe vuto," anatero. "Kungoti pali zinthu zitatu. Usakakhale pa mpando wa malemu adada. Usakawatengere zotsekemera, ali ndi matenda a shuga. Chachitatu, usakayerekeze kumutchula Vipya kuti galu."

"Nanga ndi ndani Vipyayo?"

"Ndi galu."

"Iwe Mackford, ndiye ndikamutchule kuti chiyani?"

"Mlamu. Ndi mng'ono wanga ameneyo."

Ndinaseka, osadziwa kuti munthuyu sakucheza. Vipya ndi kagalu koyera, kaubweya, kotalika ngati botolo la mafuta ophikira. Malemu Bambo Gondwe anakagulira akazi awo kutatsala chaka chimodzi kuti amwalire. Kwathu ku Mitundu galu amadya zotsala n'kukagona kuseri kwa nkhokwe. Uyu anali ndi khushoni yakeyake, sopo wakewake, ndi tsiku lake lobadwa lolembedwa pa kalendala ya m'khitchini. Panalinso mphaka, dzina lake Dona, koma iye analibe udindo m'banjamo.

Mayi Sophia Gondwe anagwira ntchito m'boma zaka makumi atatu, ndipo mpaka lero amamuyang'ana munthu ngati kalata imene yabwera yopanda siginecha. Ndinagwada, ndinapereka moni, kenako ndinawapatsa chitini chimene ndinanyamula.

"Ndi keke yopanda shuga, mayi. Ndinamva za vuto lanu."

Anatsegula, ananunkhiza, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Atsikana a masiku ano ndimawadziwa," anatero. "Chilichonse ndi pa foni. Mpunga pa foni, nkhuku pa foni, mawa adzaitanitsa ana pa foni. Mwana wanga sangakwatire foni. Imeneyi mwaphika nokha?"

"Eee, mayi. Ndaphika ndekha."

Ndinayankha mofulumira kwambiri. Yankho limeneli mulisunge, tikalipeza kutsogoloku.

2

Kuyambira pamenepo unakhala mwambo. Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi, ine ndi Mackford tinkalunjika ku Area 43, chitini chili pamiyendo. Tikatha kudya, amayi ankadula chibanthu chachikulu cha keke, n'kuika pa mbale yawo ya maluwa, n'kunyamula kapu ya tiyi.

"Ine keke ndimadyera pakhonde lakuseri, ndili ndekha," ankatero. "Ndi pamene ndinkakhala ndi bambo ake a Mackford."

Ndani angamutsatire mayi wamasiye pakhonde lotero? Tinkatsala pabalaza. Pakapita kanthawi ankabwerera, mbale ili mbee, popanda ndi nyenyeswa yomwe.

"Yewo, Anastazia. Manja anu ndi odala."

Abale, ndinkamva kukoma! Lolemba ndikakwera minibasi yopita ku ntchito ndinkangomwetulira ndekha mpaka kondakitala kundifunsa ngati ndalandira malipiro. Mackford naye ankalalikira ku ofesi kwawo kuti wapeza mkazi amene wagonjetsa amama ndi uvuni. Iye kekeyo analawako kamodzi kokha, anatafuna nthawi yaitali, kenako anati zinthu za odwala si bwino kuwalanda.

Ngakhale Vipya anandikonda. Galimoto ikangolowa pa geti, ankathamanga n'kudzandizungulira, kamchira kakugwedezeka ngati kathothoka. Amayi ankati galu amadziwa mtima wa munthu. Ine ndinkavomera, ngakhale ndinkaona kuti maso ake sali pa ine, ali pa chitini.

Munthu mmodzi yekha amene sankagwirizana ndi Vipya anali a Zikhale, oyandikana nawo nyumba. Ndi bambo wachikulire, wopuma pantchito, wokonda maluwa kuposa anthu. Vipya anali ndi kabowo kake pansi pa mpanda, ndipo ankakonda kukakumba pa bedi la maluwa awo. Tsiku lina ndinawamva ndi makutu angawa akukuwa kuseri kwa khoma.

"Mayi Gondwe! Kagalu kanuka tsiku lina ndidzakaonetsa zakuda!"

"Muyese muone!" anayankha amayi, osadzuka n'komwe pampando.

Masabata asanu ndi awiri anadutsa choncho. Kenako Mackford anandiimbira Lachitatu nthawi ya lanchi, ali wosangalala zedi.

"Ana, zatheka! Amama akuti Lamulungu likubwerali tikhale pansi tisankhe tsiku la chinkhoswe. Akuti akatero aimbira asibweni ku Rumphi kuti akakumane ndi amalume ako."

Asibweni ndi amalume m'chiyankhulo chawo. Ndinavina m'bafa ya ku ofesi, nsapato zili m'manja.

3

Lamulungu limenelo keke inali yokongola kuposa masiku onse. Inafufuma bwino, pamwamba pali pofiirira, fungo lake lokha lokhetsa dovu. Tinadya mpunga ndi nkhuku, amayi anadula chibanthu chawo, ulendo uno chachikulu zedi, n'kupita pakhonde. Vipya anawatsatira, Dona nayenso pambuyo.

Atabwerera anatenga kalendala ya m'khitchini ija n'kuiyala patebulo. Anavala magalasi.

"Mwezi wa Ogasiti kulibe mvula," anayamba. "Misewu ya kumudzi imakhala bwino. Loweruka lachiwiri mukuliona bwanji?"

Ndisanayankhe, tinamva kaphokoso pakhomo la khitchini. Vipya analowa akuyenda ngati munthu wochokera ku bawa. Miyendo yakumbuyo inkapita kwina, yakutsogolo kwina. Anasanza pa matailosi, anayenda pang'ono, n'kugwa chammbali. Thupi lonse linayamba kunjenjemera.

"Chiuta wane!" anakuwa amayi. Kalendala inagwera pansi. "Vipya! Vipya, mwana wanga!"

Sindinaonepo munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu akuthamanga choncho. Anamunyamula, anamukulunga m'chitenje, kenako anatulukira panja n'kulunjika kukhoma.

"A Zikhale! Mwachita zija munkanena zija! Mwamuthirira mankhwala a makoswe! Akafa ameneyu tikaonana ku polisi!"

Mutu wa a Zikhale unatulukira pamwamba pa khoma, chipewa cha m'munda chili pamutu, thovu la sopo lili m'manja.

"Mayi, ine ndikutsuka galimoto. Mankhwala ake ati?"

"Mukafotokozera apolisi!"

Mackford anali ataliza kale galimoto, foni ili kukhutu, akuimbira dokotala wa ziweto amene amamuona Vipya, a Nebert, amene ali ndi kiliniki yawo ku Area 3. Mwamwayi amakhala kuseri kwa kiliniki komweko, ndipo anati tibwere msanga atsegula.

Ndinakhala kumbuyo ndi amayi. Vipya anali pamiyendo pawo, maso atatembenuzika, lilime lili panja. Amayi amene ndinkawaopa aja ankalira ngati mwana, akupemphera m'Chitumbuka, akutchula dzina la malemu amuna awo. Ndinawagwira dzanja ndipo sanalichotse. Kunena zoona, nthawi imeneyo mtima wanga unali woyera. Nanenso ndinkawatukwana a Zikhale chamumtima.

4

Dokotala Nebert ndi munthu wamfupi, wosachedwa ndi moni. Anamugoneka Vipya patebulo lachitsulo, anamuyang'ana m'kamwa ndi m'maso, kenako anamubaya kukhutu n'kudonthezera magazi pa kamakina kakang'ono.

"Kameneko kali ngati kanga koyezera shuga," anatero amayi akupukuta misozi.

"Ndi komweko, mayi. Taonani nambalayi."

Amayi anayang'ana, n'kugwira pakamwa. Munthu wa matenda a shuga safuna womumasulira nambala ngati imeneyo.

"Watsika chonchi? Ine atafika pamenepa ndiye kuti ndakomoka!"

"Ndi chimene chikumugwetsa," anatero dokotala, uku akumeta ubweya pa mwendo wa Vipya kuti amuike diripi. "Mankhwala a makoswe sachita chonchi. Galuyu wadya chiyani m'maola awiri apitawa?"

"Chakudya chake cha masiku onse," anayankha amayi.

"Amama, m'masanzi muja munali keke," anatero Mackford. "Ndaona ndi maso anga."

Amayi anayang'ana kudenga. "Ndiye kuti waba. Mwina ndinasiya mbale pansi."

"Keke yanji?" anafunsa dokotala.

"Yopanda shuga. Yophikira ine."

Dokotala anasiya zimene ankachita. Nkhope yake inasintha.

"Waphika ndani?"

Onse awiri anatembenukira kwa ine. Mackford anachita kundiloza monyadira, ngati akuonetsa chikho cha mpira.

"Chemwali," anatero dokotala, "m'malo mwa shuga munathiramo chiyani?"

Ndinayamba kuwerenga pa zala. "Ufa... mazira... majarini pang'ono..."

"Sindikufunsa zimenezo. Chotsekemeretsa. Dzina lake."

"Chija... chija cha m'paketi chija."

"Paketi yanji? Yooneka bwanji? Munathira masupuni angati? Tamverani, zotsekemeretsa zina galu akadya amangotsegula m'mimba basi. Koma chilipo china chimene chimagwetsa shuga wa galu m'kanthawi kochepa, kenako n'kukawononga chiwindi. Ngati ndi chimenecho, diripi yokhayi sikwanira. Ndiyenera kuyamba pompano mankhwala oteteza chiwindi, ndipo galuyu agona kuno masiku atatu. Ngati si chimenecho, ndiye kuti ndikufufuza kolakwika ndipo nthawi ikutha. Ndiuzeni."

Ndinayang'ana Vipya. Kamwendo kake kometedwa kanali kakang'ono ngati chala changa. Ndinayang'ana amayi, amene ankandiyang'ana ndi maso ofiira, odzaza chikhulupiriro. Ndinaganiza za Loweruka lachiwiri la Ogasiti, za chitenje chimene ndinali nditasankha kale ku Old Town, za amalume anga amene anali atauza kale mudzi wonse. Ndikanatha kungotchula dzina lililonse. Ndani akanadziwa?

Vipya anakoka mpweya movutikira, kamodzi.

"Sindikudziwa," ndinatero.

"Mwaiwala?"

"Ayi, adokotala. Sindikudziwa chifukwa sindinaphike ndine." Misozi inayamba yokha. "Mayi, ndikhululukireni. Keke zonse zija sindinaphikepo ndi imodzi yomwe. Ine uvuni ndilibe, ndipo sindinayambe ndaphikapo keke chibadwire. Amaphika ndi mnzanga Consolata. Loweruka lililonse ndimapita kwawo ndi chitini chopanda kanthu."

Mackford anatsitsa pang'onopang'ono dzanja limene ankandilozera lija.

"Zaukwatizo mukakambirana kunyumba," anatero dokotala. "Muimbireni Consolatayo. Muike poti tonse timve."

5

Consolata ndinaphunzira naye ku sekondale. Amaphika makeke ogulitsa kunyumba kwake ku Area 3 komweko, ndipo Mulungu anamupatsa mawu osafuna chimkuzamawu. Foni inangolira kamodzi.

"Ana mnzanga! Bwanji, agogo aja aikonda? Ndinakuuza ine kuti ya ulendo uno akudyera m'manja! Atchula tsiku? Ukawanamize choncho mpaka ukwati, ukatero tidzaona chochita!"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika ndilowe.

"Consolata, uli pa sipika. Amayi ali pompano."

Kunamveka ngati chinachake chagwa m'khitchini mwake. Kenako kamawu kakang'ono, kaulemu: "Mwaswera bwanji, mayi?"

Dokotala analanda foni. "Ndine dokotala wa ziweto. Galu wadya keke yanu ndipo ali pakati pa moyo ndi imfa. Munathiramo chiyani m'malo mwa shuga?"

"Mayo ine! Masiku onse ndimathira sitiviya, koma makasitomala amadandaula kuti imasiya kuwawa kukhosi. Ndiye sabata ino ndagula china chatsopano, chooneka ngati shuga weniweni. Dikirani nditenge paketi." Tinamva makabati akutsegulidwa. "Alemba kuti xylitol."

"Zailitolo," anatero dokotala akugwedeza mutu. "Ndimaganiza. Munathira wochuluka bwanji?"

"Kapu imodzi yodzaza, pa keke yonse."

Dokotala anafunsa kukula kwa chibanthu, amayi anaonetsa ndi manja, iye anaimba kamluzu. Anatsegula kabati, anatulutsa timabotolo, n'kuyamba ntchito. Patapita mphindi ngati makumi awiri, Vipya anasiya kunjenjemera. Anatsegula diso limodzi, anayang'ana amayi, kamchira kanagunda patebulo kamodzi.

"Koma adokotala," anatero amayi, "chinthu choti ine munthu wodwala ndikhoza kudya, chingaphe bwanji galu?"

"Thupi la munthu limachidziwa kuti si shuga, ndiye silitekeseka. Thupi la galu limapusitsika. Limayesa kuti kwabwera shuga wambiri, n'kutulutsa insulini yochuluka, yomweyo imene inu mumaisowa. Insuliniyo imasesa shuga yense m'magazi. Kagalu kakang'ono ngati aka, ngakhale chingamu chimodzi kapena ziwiri zokhala ndi zailitolo zikhoza kukagwetsa."

"Nanga Dona?" anafunsa Mackford. Aka kanali koyamba kuyankhula chiululireni ine. "Mphaka uja ndinamuona akunyambita nyenyeswa pakhonde."

"Amphaka sizinaonekepo kuti amagwa nazo ngati agalu. Mukamuyang'anitsitse lero ndi mawa, akasintha mubwere naye, koma ndikukayika. Musatengerepo mwayi womamupatsa dala." Anapukuta m'manja. "Shuga wa Vipya wayamba kukwera. Za chiwindi tidziwa pofika Lachitatu. Chemwali, mukanachedwa kunena zoona, bwenzi tikukamba zina."

Amayi sanandiyang'ane. Pobwerera Mackford ananditsitsa pa depoti ya minibasi ku Old Town.

"Ndiye masabata onsewa?" anatero, maso ali pa chiwongolero. "Ine kuuza ofesi yonse?"

"Pepa, Mack."

"Ndikuimbira," anatero, ndipo anapita.

6

Lolemba sanaimbe. Lachiwiri anatumiza uthenga wa mawu atatu: "Wadya phala pang'ono." Ndinawerenga uthengawo kakhumi, kufufuza ngati penapake pabisala chikondi. Ku ntchito ndinkapereka mafomu olakwika kwa makasitomala. Consolata ankaimba maola awiri alionse kupepesa, mpaka ndinamuuza kuti akaimbanso ndipita kukamuthira ufa m'mutu.

Lachitatu cha m'ma teni koloko foni inalira. Nambala ya amayi.

"Anastazia, mukaweruka mubwere kuno. Mubwere nokha."

Ndinapempha kuweruka msanga. Ndinatsika minibasi pamsewu waukulu n'kuyenda wapansi mpaka pa geti lawo, ndikuyeseza mawu otsanzikira mwaulemu. Mphete imene Mackford anandiveka pondifunsira ndinali nditaivula kale, ili m'kachikwama.

Geti litatseguka, kanthu koyera kanatulukira pakona ya nyumba, kakutsimphina pang'ono, mwendo umodzi uli wometedwa. Vipya! Anandizungulira kawiri, ananunkhiza manja anga, anaona kuti mulibe chitini, n'kubwerera mokhumudwa. Ndinaseka uku ndikulira.

"Chiwindi chili bwino," anatero amayi ali pakhomo. "Tamutenga m'mawa uno. Bwerani kuseri kuno."

Ananditengera pakhonde lija, limene ndinali ndisanapondepo. Panali mipando iwiri ya nsungwi ndi katebulo. Ndinafuna kukhala pansi koma anandilozera mpando.

"Mayi, ine ndabwera kudzapepesa. Ndinanama chifukwa ndinkaopa kuti..."

"Dikirani. Inu munalapa kale pamaso pa dokotala, pamaso pa mwana wanga, ndi pamaso pa mnzanu wa pakamwa uja. Lero ndi tsiku langa." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi chitenje, nthawi yaitali. "Vipya chibadwire sanabepo kanthu."

Sindinamvetse.

"Keke ija sanabe. Ndinamupatsa ndine. Ndi manja angawa."

"Mwangozi?"

"Ngozi yanji ya masabata asanu ndi atatu? Anastazia, keke zanu zija ndinalawa kamodzi kokha, tsiku loyamba lija. Kuwawa kwake ngati masamba a nimu! Ndinati ndimeze, inakana. Ndinati ndilavule, ndinaganiza za mwana wa eni amene wadzuka m'mamawa kundiphikira ine. Ndiye ndinayang'ana pansi, ndinaona Vipya akundiyang'ana. Kuyambira tsiku limenelo, ine ndimamwa tiyi, iye amadya keke."

"Ndiye zija mumati manja anga ndi odala..."

"Ndimanena mawu a Vipya."

Sindikudziwa anayamba ndani. Ndinangozindikira tonse tikuseka, amayi atagwira m'mimba, ine misozi ili chuchuchu, Vipya akutiuwa ngati tapenga. Dona anatiyang'ana ali pawindo, wathanzi bwinobwino, n'kutembenukira kwina.

Kuseka kutatha, amayi anavalanso magalasi awo.

"Ku kiliniki kuja dokotala anafunsa funso limodzi kwa tonse awiri," anatero. "Ine ndinanama, ndinati waba. Galu wanga yemwe, mphatso ya malemu amuna anga, ali patebulo akufa, ine n'kumateteza ulemu wanga. Iwe unali ndi zambiri zotaya kuposa ine, koma unanena zoona. Masiku atatuwa sindinagone nazo bwino zimenezi."

Aka kanali koyamba kunditchula kuti iwe.

"Mphete ili kuti?" anafunsa akuyang'ana chala changa.

Ndinaitulutsa m'kachikwama.

"Vala msanga asanaone Mackford. Akubwera, ndamuuza kale zanga, ndipo waseka mpaka kugwa pa sofa. Loweruka lachiwiri la Ogasiti lija likadalipo." Anaimirira n'kumanga bwino chitenje. "Koma tisanatero, tiye undiperekeze. Pali munthu amene ndinamulonjeza apolisi."

A Zikhale anatilandira pa geti atanyamula kachitini kothirira maluwa. Amayi anapepesa bwinobwino, mawu onse osadumpha. A Zikhale anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anakanda m'mutu.

"Ndiye mukuti poizoni anachokera m'nyumba mwanu momwemo?"

"Eee, bambo."

"Chabwino. Ine ndakhululuka. Koma bowo lija mutseke, ndipo ku chinkhoswe mundiitane. Keke ndibwera ndi yanga."

7

Chinkhoswe chinachitika pa tsiku lomwe lija, ndipo ukwati unatsatira mu Okutobala. Keke ya ukwati anaphika Consolata, ya shuga weniweni, ndipo amayi anachita kumuimirira m'khitchini kuwerenga paketi iliyonse. Keke yokhayo yopanda shuga imene inali yokoma, ya zailitolo ija, amayi amadandaula mpaka lero kuti sanailawe n'komwe.

Tsono inu owerenga, makamaka amene muli ndi agalu pakhomo komanso odwala shuga m'nyumba, ndikupempheni chinthu chimodzi. Muziwerenga mapaketi. Mukaona mawu akuti xylitol pa chotsekemeretsa, pa chingamu, pa maswiti opanda shuga, pa mankhwala otsukira mano, ngakhale pa chiponde china cha m'mabotolo, ikani patali pamene galu sangafike. Kwa inu n'chabwino, kwa iye ndi poizoni. Galu akadya, musadikire kuti muone ngati adwale, thamangani naye kwa dokotala wa ziweto, paketi ili m'manja. Ndipo dokotala akakufunsani kuti wadya chiyani, nenani zoona, ngakhale zoonazo zikuvuleni pagulu. Ine zinandivula, koma ndi tsiku limenelo pamene ndinapeza apongozi.

Za mabodza aulemu sindikulalikirani, nonse mumawadziwa. Ine ndinanama kuti andikonde, iwo ananama kuti asandikhumudwitse, ndipo amene anagona pa diripi ndi Vipya amene sananamize munthu.

Masiku ano Loweruka masana ndimapita ku Area 43 kukaphunzira uvuni. Amayi amakhala pa mpando pakhomo la khitchini n'kumalamula ngati akadali ku ofesi. Keke yanga yoyamba, yophika ndekha zenizeni, inali ya nthochi zakupsa, yopanda chotsekemeretsa chilichonse. Inatuluka yaifupi, yakuda m'mbali, yolimba moti mpeni unachita kupindika. Kachidutswa kanagwera pansi. Vipya anathamangira, ananunkhiza, anandiyang'ana, n'kubwerera pa khushoni yake.

Amayi anadula chibanthu chachikulu n'kuika pa mbale ya maluwa ija. Ndinayembekeza kuti anyamuka kupita pakhonde. Sanapite. Anakoka mpando, anakhala patebulo moyang'anana nane, n'kuyamba kutafuna.

"Ndi yoipa," anatero. "Yoipa kwambiri, mwana wanga."

Ndipo anadya yonse, ine ndikuona.